Manja a Lily ndi Mwendo wa Amalume

Mlamu wanga Bizwick anakhala pachikamwini kwathu ku Likhubula zaka zingapo ngati mlonda wa nyumba ya eni. Mkazi anali naye, ukwati wake wa kutchalitchi, ife tomwe tinavina mpaka nsapato kuguluka zidendene. Koma mkaziyo, mng'ono wanga Lily, ankagwira ntchito ku Blantyre. Ankabwera Loweruka la kumapeto kwa mwezi, Lamulungu masana n'kukhala atakwera kale kabaza wa ku Chitakale kukapeza minibasi. Anzake a Bizwick, operekeza alendo kuphiri, ankamuseka kuti anakwatira foni. Ine, poti chilamu chimalola, ndinkathirirapo ndemanga: "Alamu, kodi munakwatira mng'ono wanga kapena munda wa amayi?" Iye ankangomwetulira n'kupitiriza kupalira nandolo. Kunena zoona, ankandimvetsa chisoni.

Ntchito ya Lily ndi ya manja. Munthu wosamva akapita kuchipatala kapena kumsonkhano, bungwe lomwe Lily amagwirako limawalumikiza pa vidiyo. Namwino akamalankhula, Lily amamasulira ndi zala zake m'chinenero chamanja, wosamvayo akayankha ndi manja, Lily amanena ndi pakamwa. Zonsezi ankachitira m'kachipinda ka ofesi, tsiku lonse ali maso pa kamera. Ndiye chaka chatha abwana ake, mayi Marjory, anati kamera ndi kamera basi, kaya ili ku Blantyre kaya ili patsinde pa phiri. Lily akapeza intaneti yodalirika kunyumba, azigwirira kwawo. Koma anachenjezeratu kuti ayamba amuyesa kaye, ndipo manja akapanda kuoneka bwino abwerera ku ofesi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mukanamuona Bizwick masiku amenewo! Munthu wofatsa uja anayamba kuimba mluzu popita kukatunga madzi. Anakonza chipinda, anapaka khoma penti wobiriwira kuti manja a mkazi wake azioneka bwino, anawonjezera sola padenga. Bandulo ya pafoni kwathu siidalirika, phiri limatchinga, choncho anapita kuboma kukalankhula ndi kampani ina yomwe imazika mlongoti pakhomo n'kumangapo kambale koyang'ana ku nsanja yawo. Dzulo lake loti a kampaniyo abwere, Lily anaimba foni. Ine ndinali pomwepo ndikusenda zinanazi zokagulitsa, ndipo ndinamva zonse.

"Akuuzani za mitundu iwiri," anatero Lily. "Ina ndi yothamanga kwambiri polandira koma yofooka potumiza. Inayo ndi yofanana mbali zonse. Mutenge yofananayo. Musatengeke ndi nambala yaikulu, chonde. Ine ntchito yanga ndi yoti anthu azindiona."

"Ndamva," anatero Bizwick. Ndipo anamvadi, ine ndine mboni.

Vuto linayambira pa chulu. Mnyamata wa kampaniyo, Abdul, atazungulira pakhomo ndi kachipangizo kake, anapeza kuti malo okhawo oonekera nsanja ndi pachulu cha kuseri kwa nyumba ya amayi. Tsono kwathu kuno mkamwini akhoza kulima, kumanga, ngakhale kudzala mtengo, koma kuzika chinthu chachilendo pa nthaka ya mbumba popanda mwini mbumba, ayi. Amayi anatumiza uthenga kwa achimwene awo, amalume athu a Alufeyo.

Amalume anali kapitawo pa esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale anapuma, mawu aukapitawo sanapume nawo. Ndi iwonso otsogolera gule wa tchopa kudera kwathu. Si munthu woipa ayi, pamaliro ndi paukwati amafika oyamba, koma chinthu akachigamula amachigamula ndi chifuwa chonse. Anafika pa njinga atavala jekete dzuwa lili phwee, tinawapatsa mpando, amayi anakhala pamphasa. Bizwick anakanjuta patali pansi pa mtengo wa mapeyala, atapenya kumbali monga achitira mkamwini apongozi akakhala pafupi.

Abdul anafotokoza bwinobwino. Yoyamba, polandira ndi 30, potumiza ndi 1. Yachiwiri, polandira 10, potumizanso 10. Mtengo wake ndi umodzi.

"Tabwerezani," anatero amalume. "Mtengo umodzi?"

"Umodzi, bambo."

"Nanga 30 ndi 10, wamkulu ndani?"

"Zimatengera ntchito yake, bambo. Anthu oonera mafilimu ndi mpira amakonda yoyambayo. Koma wogwira ntchito pa kamera..."

"Mbumba yanga siigwiritsa ntchito zinthu zazing'ono. Ikani ya 30."

Abdul anayang'ana Bizwick. Bizwick anali akuyang'ana nyerere. Ine magazi anawira, ndinati, "Amalume, komatu mwini wake Lily ananena kuti..."

"Iwe Malita, za intaneti wazidziwira kuti? Kumsika, milu iwiri ya tomato mtengo umodzi, umatenga waung'ono?"

Ndinatembenukira kwa mlamu wanga kuti andiikire kumbuyo. Munthu uja anangoweramitsa mutu. Amayi ananditsina pantchafu. Kumuimbira Lily sikunatheke, chifukwa akakhala pantchito foni amazimitsa. Pofika masana mlongoti unali utaima pachulu, ndipo dzina lomwe Abdul analembetsa kukampani monga mwini wake linali la amalume.

Iwo atangopalasa njinga, ndinamutsata Bizwick kuseri. "Alamu, pakamwa munaiwala kuphiri ku Chambe?"

"Alamu," anayankha motsitsa, "mkamwini asamakule mwendo. Ndikanawatsutsa bwanji amalume pamaso pa apongozi? Mwina igwirabe."

Poyamba inkaonekadi ngati yagwira. Mafilimu ankayenda osadodoma, mpira tinkaonera ngati tili pabwalo pomwepo, amayi anapeza makwaya a ku Mozambique oimba m'Chilomwe n'kumalira ndi chimwemwe. Achibale omwe tinali tisanawaone chichitikireni ukwati anayamba kudzatizonda, foni zili m'manja. Amalume ankabwera kudzayendera mlongoti wawo, kuugogoda ndi chala, n'kugwedeza mutu mokhutira. Inenso ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinalalata pachabe. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lily anafika Lachisanu ndi katundu yense, matiresi, mapoto, mpaka kampando ka muofesi. Amayi anaphika nyemba za kalongonda zomwe anali ataziwiritsa kuyambira dzulo lake, Bizwick anapha tambala. Ankayenda uku ndi uku osadziwa choti agwire, akanyamula chikwama n'kuchiika pansi, n'kukanyamula china. Za 30 ndi 10 sanatchule, inenso sindinafune kuwononga chisangalalo.

Lolemba m'mawa Lily anavala bulauzi yakuda, anakhala patsogolo pa khoma lobiriwira lija, n'kutsegula laputopu. Ine ndinali pawindo, poti chidwi sindinabadwe nacho chochepa. Pa laputopu panaoneka mayi Marjory ndi mtsikana wina wosamva wa kuntchito kwawo, dzina lake Emma, yemwe ndiye amayesa omasulira. Ankaoneka bwino zedi, mpaka ndolo za Emma ndinaziona. Lily anayamba kulankhula ndi manja, nkhope ili mwee. Emma anayandikira, anatsinzina diso limodzi, kenako anapukusa mutu.

"Lily," anatero mayi Marjory, "iwe ukutiona?"

"Bwinobwino, mayi."

"Ife sitikukuona. Ukangosuntha dzanja, zala zikusanduka utsi. Nthawi zina ukuuma osagwedezeka."

Anayesanso. Tinathamangitsa onse omwe anali ndi mafoni pakhonde, zinasinthako pang'ono, koma zala zinali zosawerengekabe. Pa ntchito ya Lily chala chimodzi ndi nkhani yaikulu. Wodwala akaona zala ziwiri pomwe namwino wanena zitatu, ndiye kuti akamwa mankhwala molakwika. Mayi Marjory ndi munthu wachifundo, anati, "Ndikupatsa mpaka Lachisanu. Zikapanda kusintha, Lolemba ndikufuna ndikuone kuno."

Lily anadina apa ndi apo pa laputopu, manambala anatuluka, ndipo anazindikira zomwe zinachitika. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangokhala manja ali pamiyendo, misozi n'kumatsika. Bizwick anaima pakhomo la chipindacho chipewa chili m'manja.

"Ndimangofuna kukhala kwathu," anatero Lily. "Ndatopa ndi kukuonani pafoni."

Tinamuimbira Abdul. Anati kusintha n'kosavuta, amangodina ku ofesi tsiku lomwelo, koma ayenera kulamula ndi mwini dzina. Ine ndinamanga chitenje kuti ndipite kwa amalume ndikawauze zonse mosapsatira. Amayi ananditsekera njira.

"Achimwene anga ndimawadziwa ine. Mwana akawauza kuti analakwa, adzazula mtengowo ndi manja awo n'kusiya kuponda pakhomo pano. Mwaiwala za feteleza zija? Dzinja lonse osatilonjera."

"Ndiye Lily abwerere ku Blantyre chifukwa choopa nkhope ya amalume?"

Apo m'pamene Bizwick analankhula ali panja, nkhope atalozetsa ku phiri. "Alamu, muwauze amayi kuti andisiyire ine."

Ndinaseka, pepani. Munthu yemwe analephera kutsegula pakamwa pansi pa mtengo wa mapeyala! Koma iye anapukuta njinga yake n'kunyamuka. Atabwerako anangoti amalume abwera Lachitatu masana. Zomwe anakanena ndinazimva pambuyo pake kwa akazi awo a amalume. Akuti anafika, anakhala pansi, anaomba m'manja, n'kunena kuti intaneti yomwe amalume anatisankhira ndi yamphamvu, mudzi wonse ukuyamikira, koma mwini wake sanailawe. Nanga Morris, mwana wawo yemwe ali ku Joni, anawaona liti bambo ake akuvina tchopa?

Lachitatu kunali ngati kuli chinkhoswe. Amalume anabwera ndi oimba ng'oma awo, azimayi oyimbira, ndi khamu la anthu lomwe linangotsatira phokoso. Anavala zikopa m'chiuno, nthenga kumutu, chikwama cha gule kumsana, m'miyendo muli maseche. Bizwick anagadabuza mtondo pakati pa bwalo, n'kuikapo laputopu ya Lily. Morris anatulukira ali m'kachipinda kake ku Joni, atanenepa, ndevu zili bii.

"Muli phaama, ababa?" anafuula, kuwalonjera m'Chilomwe.

"Taonani mwana wanga!" anatero amalume akuloza. "Mpaka mpata wa mano ukuoneka! Ndi 30 ameneyo. Imbani ng'oma!"

Ng'oma zinalira. Ndisanamize, amalume amavina. Munthu wa zaka zimenezo, koma akaponda pansi umamva m'chifuwa. Anazungulira, anagwedeza mapewa, anadumpha, nthenga zili yaviyavi, azimayi akuimba mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Atamaliza chigawo choyamba anaima patsogolo pa mtondo akupuma mwaphamphu, kudikira kuyamikiridwa.

"Ababa, mwayamba?" anafunsa Morris.

"Ukuti chiyani?"

"Ng'oma ndikuzimva modukaduka. Koma inu mwangoima."

"Ine ndaima? Imbaninso!"

Ulendo uno anavina ngati akulimbana ndi munthu. Fumbi linakwera, thukuta linayenderera mpaka m'zikopa, nthenga imodzi inathothoka n'kukagwera pamphasa ya amayi. Ali pakati pa kudumpha, mawu a Morris anamveka bwalo lonse.

"Ababa, mwauma! Mwendo uli m'mwamba ngati tambala woopa mame. Simukutsitsa?"

Ng'oma zinasiya zokha. Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kusandutsa chifuwa. Amalume anayandikira laputopu, anaiyang'ana kutsogolo, anaiyang'ana kumbuyo, anayang'ana mlongoti wawo pachulu. Kenako anatembenuka, maso awo n'kugwera pa Bizwick, yemwe anali atanjuta pamalo ake pansi pa mapeyala.

"Akamwini! Ine ndikumuona mwanayu bwinobwino. Iye sakundiona chifukwa chiyani?"

Chikhalireni pamudzi pathu, aka kanali koyamba kuti Bizwick afunsidwe maganizo pagulu. Anayandikira chokwawa, anaomba m'manja.

"Amalume, intaneti ili ndi njira ziwiri. Yobweretsa zinthu kuno ndi yotumiza za kuno kupita kwina. Iyi tili nayoyi, yobweretsa ndi msewu wa phula, koma yotumiza ndi kanjira ka mbewa. Morris akudzera mumsewu, n'chifukwa chake akufika yense. Inu mukudzera m'kanjira, ndiye mukavina mwamphamvu simukwanamo. Ya 10 ija njira zonse ndi zofanana."

"Izi munkazidziwa tsiku lija?"

"Anali atandiuza Lily."

"Osanena bwanji?"

"Simunandifunse, amalume."

Ine ndinayamba kuyang'ana kothawira. Oyamba kuseka anali amayi, atabisa nkhope m'chitenje, mapewa okha akugwedezeka. Amalume sanaseke. Anayang'ana Lily, yemwe anali ataima pakhonde.

"Iwe, nawenso umauma chonchi ukamagwira ntchito?"

"Eya, amalume. Anthu osamva saona zala zanga. Abwana ati zikapanda kusintha pofika Lachisanu ndibwerere ku Blantyre."

Amalume anavula nthenga kumutu pang'onopang'ono. "Ndiye ukanapita, ine osadziwa kuti wakuthamangitsa ndine?" Anakhala pamtondo wina womwe unali pambali, anapukuta nkhope ndi chikhatho. Kenako ukapitawo unawabwerera. "Ndipatseni foni. Muimbireni mnyamata uja."

Abdul atayankha, amalume anakuwa ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa mtsinje wa Likhubula. "Abdul! Intaneti mwandipatsayi ndi yachikamwini. Imangomva, siyankha. Ine ndikufuna yoyankha. Ikani yofanana ija, lero lomwe!"

Apo ndiye bwalo lonse linagwa nacho chiseko, oimba ng'oma mpaka kugubuduka. Bizwick yemwe anaseka, dzanja lili pakamwa. Amalume anamuloza ndi nthenga zija: "Ndipo inu akamwini, kuyambira lero mukaona ndikulowera kuphompho muzikhosomola. Kukhosomola mwambo suletsa."

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni Abdul anaimba kuti zatheka. Tinamuimbiranso Morris. Amalume anali atatopa, koma anavalanso nthenga. Ng'oma zitangoyamba, Morris anakuwa, "Ndikukuonani! Ababa, ndikukuonani!" Anaimirira m'kachipinda kake kaja n'kuyamba kuponda nawo, mutu ukugunda babu la magetsi, akuseka uku akupukuta m'maso. Anthu onse analowa m'bwalo, ine ndemwe, amayi omwe. Madzulo ake ndinamufunsa mlamu wanga ngati zonsezi anachita kukonza dala. Anandiyang'ana ndi maso a mwana wankhosa n'kunena kuti iye ankangofuna kuti Morris aone gule. Mpaka lero amakana.

Lachisanu ndinaima pachipata ndi mthiko, aliyense wobwera ndi foni ndikumubweza. Kenako ndinabwerera pawindo langa. Emma anayamba pang'onopang'ono, Lily n'kumayankha. Emma anawonjezera liwiro, zala zikuthamanga moti ine maso anachita chizungulire, Lily osatsalira. Mwadzidzidzi onse awiri anaphulika kuseka, nthabwala yake ife akumva sitinaimve. Emma anakweza manja onse m'mwamba n'kumawagwedeza. Lily anandiuza pambuyo pake kuti kumeneko ndiko kuomba m'manja kwawo.

"Zala zonse khumi zikuoneka," anatero mayi Marjory. "Khala komweko, Lily. Ndipo amene akusuzumira pawindoyo umupatse moni."

Nthungululu yanga inamveka mpaka ku ofesi ya zankhalango. N'zoona kuti tsopano achibale akachuluka pakhonde filimu imayamba yaima kaye n'kumazungulira, ndipo ena asiya kudzatizonda. Ine sindinadandaule, shuga akukhalitsa.

Lolemba lotsatira Bizwick anali ndi alendo okwera nawo ku Chambe, kukagona konko. Ndinadzera kwawo m'mamawa ndi dengu langa la zinanazi pamutu. Ndinamupeza ataima pakhomo, chikwama chili kumsana, nsapato atamanga kale, koma osanyamuka. Zaka zonsezi wotsanzika ankakhala Lily, iye ndiye wotsala, tsono mawu ake otsanzikira anali asakuwapeza. Lily anali mkati akupukuta kamera ndi kansalu, tiyi akufuka pambali.

"Alamu, azungu anu akudikiratu," ndinatero.

Anakanda m'mutu, anasuzumira m'chipindamo. "Ndiye... ndapita. Ndibwera mawa madzulo."

Lily anatukula mutu n'kumwetulira.

"Pitani bwino. Mundipeza."